Kodi vitamini D amazimitsadi majini a khansa ya m'matumbo?

Mwalemba kuti achimwene anu a zaka 48 anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo akuluakulu, pano ali pa kemo, ndipo mwawerenga kuti vitamini D amazimitsa majini (genes, tizigawo ta DNA tolamula ntchito za selo) oyambitsa khansayi, nde mukufuna kudziwa ngati zili zoona komanso ngati muwagulire mapilitsi a mlingo waukulu, inunso muzimwako podziteteza.

Achemwali, pepani kwambiri ndi matendawa. Zomwe mwawerengazo sibodza ayi, vitamini D amafikadi mpaka pa DNA ya maselo a m'matumbo ndipo amasinthadi momwe majini ena amagwirira ntchito, zimenezo zinaonetsedwa bwinobwino mu labu ndipo palibe akutsutsa. Pomwe pavuta ndi poti akamuyesa pa anthu enieni, masauzande a anthu, mapilitsiwo sanaonetse kuti amaletsa khansayi kapena kuichiza. Zonse ziwirizi ndi zoona nthawi imodzi, ndipo chifukwa chake chili mu momwe vitaminiyu amagwirira ntchito komanso zomwe chotupa chimamuchita, nde ndiloleni ndifotokoze motalika pang'ono.

Vitamini D yemwe khungu limapanga dzuwa likakuombani, kapena wa mu pilitsi, sagwira ntchito ali choncho. Amapita kaye ku chiwindi komwe amasinthidwa kukhala calcidiol, uyu ndi amene amayezedwa mukapereka magazi, kenako impso zimamusinthanso kukhala calcitriol pogwiritsa ntchito enzaimu yotchedwa CYP27B1. Calcitriol ameneyu kunena zoona ndi homoni, amachita zinthu ngati momwe mahomoni ena amachitira, amalowa mu selo n'kukalamula. Ndipo si impso zokha zili ndi enzaimuyi, maselo a m'matumbo akuluakulu nawonso ali nayo, kutanthauza kuti thumbo limatha kudzipangira calcitriol wake pompo kuchokera ku calcidiol yemwe akuyenda m'magazi.

Tsopano pa majini. Mu selo muli puloteni yotchedwa VDR, imeneyi ndiyo imalandira calcitriol. Calcitriol akangomamatira pa VDR, puloteniyi imasintha kaumbidwe kake, imagwirana ndi inzake yotchedwa RXR, nde ziwirizi zimakakhala pa malo enaake a DNA omwe zimawazindikira chifukwa cha kalembedwe kake, timagawo tiwiri ta zilembo 6 tolekanitsidwa ndi zilembo 3 pakati. Zikakhala pamenepo zimaitana mapuloteni ena omwe amamasula DNA pomwe inakulungika molimba, DNA paja imakhala yozengezedwa pa mapuloteni otchedwa histone ndipo ikakulungika kwambiri jini ya pamenepo siwerengeka, ikamasuka imawerengeka ndipo selo limayamba kupanga puloteni ya jiniyo. Malo ena zimachita zosiyana, zimaitana otseka, jini n'kukhala chete. Mu 2010 ofufuza a ku Oxford anawerenga malo 2,776 pa DNA pomwe VDR imakhala, ndi majini 229 omwe anasintha kagwiridwe ntchito atathiridwa calcitriol, koma amenewo anali maselo ochokera m'magazi, thumbo lili ndi mndandanda wake wosiyanako, selo la mtundu uliwonse limayankha mwakemwake.

Chomwe ndikufuna mugwire apa ndi chakuti vitamini D sakonza jini yowonongeka. Ngati kalembedwe ka jini kalakwika, kalakwika basi, vitamini sangakalembenso. Zomwe amachita ndi kukweza kapena kutsitsa kuchuluka kwa momwe jini ikuwerengedwera. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi ndipo ogulitsa mapilitsi sakhala ndi changu chowawongolera.

Khansa ya m'matumbo ili ndi njira yake yoyambira. Khungu la mkati mwa thumbo limasinthidwa lonse pa masiku ochepa chabe, osakwana sabata, ndipo maselo atsopano amabadwira pansi pa timayenje tating'onoting'ono tomwe tadzaza khoma la thumbo, akamakwera m'mwamba amasiya kugawikana, amakhwima, amagwira ntchito yawo kenako amafa n'kuyoyoka. Chomwe chimauza a pansiwo kuti zigawikanani ndi uthenga wotchedwa Wnt, womwe umadutsira pa puloteni yotchedwa beta-catenin. Selo likakwera, puloteni ina yotchedwa APC imathandiza kuphwanya beta-catenin nde uthengawo umazima. Mu khansa za m'matumbo pafupifupi 80 pa 100 zilizonse jini ya APC ndi yowonongeka, beta-catenin saphwanyidwanso, amaunjikana, amalowa mu nyukiliyasi momwe mumakhala DNA, amagwirana ndi puloteni ina yotchedwa TCF4 n'kuyatsa majini ngati MYC ndi cyclin D1, omwe ntchito yawo ndi kukankha selo kuti lizingogawikana. Selo lomwe linayenera kukhwima n'kufa limangokhala ngati likadali pansi paja, limachulukana, pamamera kachotupa kotchedwa polyp, ndipo pakapita zaka zambiri, nthawi zambiri 10 kapena kuposa, majini ena monga KRAS ndi TP53 akawonongekanso, kachotupa kaja kamasanduka khansa.

Apa mpamene vitamini D analowera mu nkhaniyi mwamphamvu. Mu 2001 gulu la Alberto Muñoz ku Madrid linathira calcitriol pa maselo a khansa ya m'matumbo otchedwa SW480, omwe APC wake ndi wowonongeka kale, ndipo maselo aja omwe anali omwazikana anayamba kugwirana ndi kuyalana bwino ngati khungu lenileni la thumbo. Atafufuza anapeza zinthu ziwiri. Choyamba VDR yomwe yalandira calcitriol imagwira beta-catenin mu nyukiliyasi momwemo, imalimbirana ndi TCF4, nde beta-catenin yemwe wagwidwa ndi VDR sakayatsanso MYC. Chachiwiri calcitriol amayatsa jini ya E-cadherin, puloteni yomwe imamata selo ndi selo linzake, ndipo E-cadherin ameneyu amakoka beta-catenin kumuchotsa mkati n'kumumangirira m'mphepete mwa selo komwe sangalamule jini iliyonse. Pambuyo pake anapezanso kuti amayatsa DKK1, yomwe imatsekereza uthenga wa Wnt kunja kwa selo. Ine ndimaona kuti iyi ndi mbali yokongola kwambiri ya nkhani yonseyi, chifukwa APC akadali wowonongeka yemweyo, palibe chakonzedwa, koma uthenga wolakwika uja wachepetsedwa mphamvu kudzera njira ina.

Pali zinanso zomwe ndingodutsapo mwachangu. Calcitriol amakweza p21 ndi p27, mapuloteni oimitsa selo lisanagawikane, amathandiza maselo owonongeka kudzipha okha, amachepetsa uthenga wa kutupa wodutsira pa puloteni ya NF-kB, amayatsa jini ya cathelicidin yomwe imapha mabakiteriya, komanso amalimbitsa zolumikizira za khoma la thumbo kuti zonyansa zisadutse. China chomwe ambiri sadziwa, VDR simalandira calcitriol yekha. Mu 2002 anapeza kuti imalandiranso lithocholic acid, asidi yemwe mabakiteriya a m'matumbo amapanga kuchokera ku ndulu ndipo amawononga maselo a thumbo akachuluka, nde VDR ikamumva imayatsa enzaimu ya CYP3A4 yomwe imamuchotsa ukali. Ndiye kuti m'thumbo VDR ili ndi ntchito yake yolondera ngakhale tisanakambe za dzuwa.

Mukamva zonsezi mukhoza kuthamangira mapilitsi, koma dikirani kaye, chifukwa chotupa sichimangokhala phee. Gulu la ku Madrid lomwe lija mu 2004 linaonetsa kuti puloteni yotchedwa SNAIL, yomwe imachuluka khansa ikamakula ndi kuyamba kufalikira, imakakhala pa jini ya VDR yeniyeniyo n'kuitseka. Nde mu zotupa zoyambirira VDR imakhalapo yambiri, nthawi zina kuposa ya thumbo labwinobwino, koma mu zotupa zambiri zomwe zapita patali VDR imatsika kwambiri. Kuwonjezera apo pali enzaimu ya CYP24A1, ntchito yake ndi kuphwanya calcitriol, mu selo labwino imayatsidwa ndi calcitriol yemweyo kuti asachuluke mopitirira, koma zotupa zambiri za m'matumbo zimaipanga yochuluka, zina mpaka zimakhala ndi makope owonjezera a jini yake pa kromozomu 20, ndiye calcitriol akangolowa waphwanyidwa kale. Zili ngati kuimbira munthu yemwe wazimitsa foni, muimbe ka 2 kapena ka 50 n'chimodzimodzi, vuto si kuchuluka kwa kuimba kwanu. Ichi n'chifukwa chake maganizo oti mlingo ukakula mphamvunso ikula sagwira pa khansa yomwe yakhwima kale.

Komanso tizinena chilungamo za mu labu. Maselo a m'mbale nthawi zambiri amathiridwa calcitriol wochuluka pafupifupi ka 1,000 kuposa yemwe amapezeka m'magazi a munthu. Kumupatsa munthu wochuluka choncho kashiamu wa m'magazi angakwere mpaka kuika moyo pachiswe. Ndipo pilitsi lomwe mumagula si calcitriol, ndi vitamini D3 wamba, thupi ndi lomwe limasankha kuti lisinthe wochuluka bwanji ndipo impso zimasamala kwambiri pamenepa, mukamwa wambiri calcidiol amakwera koma calcitriol wa m'magazi sasuntha kwenikweni. Pa mbewa za mu labu zomwe APC wake ndi wowonongeka, akachotsanso VDR zotupa zimakula kwambiri, izi zikugwirizana ndi zomwe ndafotokozazi, koma kusowa VDR kotheratu ndi nkhani ina, kumwa vitamini wowonjezera munthu uli naye kale wokwanira ndi nkhani inanso.

Za anthu zinayamba mu 1980 pomwe abale awiri, Cedric ndi Frank Garland, anaona pa mapu a America kuti imfa za khansa ya m'matumbo zinali zambiri kumpoto chakum'mawa komwe dzuwa ndi lochepa kusiyana ndi madera a dzuwa lambiri, nde anati mwina ndi vitamini D. Kuchokera apo kafukufuku wambiri wotsatira anthu kwa zaka wapeza chinthu chofanana, omwe calcidiol wawo ndi wotsika amadwala khansayi kwambiri. Wina wamkulu, wotsogoleredwa ndi Marjorie McCullough, anaphatikiza magulu 17, odwala oposa 5,700, ndipo anapeza kuti omwe calcidiol wawo anali pansi pa 30 nmol/L chiopsezo chawo chinali chokwera ndi 31 pa 100 poyerekeza ndi omwe anali ndi wokwanira. Mwa khansa zonse, ya m'matumbo ndi yomwe ubale umenewu umaoneka bwino kwambiri. Koma taganizani, ndani amakhala ndi vitamini D wotsika? Munthu wonenepa kwambiri chifukwa mafuta a m'thupi amamusunga osamutulutsa, munthu wongokhala m'nyumba osayenda, wosuta, wodwaladwala, ndipo zonsezi pazokha zimakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo. Munthu yemwe khansa yayamba kale mwakachetechete nayenso amafooka, satuluka, sadya bwino, vitamini amatsika, ndiye n'zotheka kuti matenda ndi omwe atsitsa vitamini osati vitamini kubweretsa matenda. Ofufuza anayesanso njira ina, kuona anthu omwe anabadwa ndi majini owapangitsa kukhala ndi calcidiol wotsikirako moyo wawo wonse, ndipo sanapeze umboni womveka woti amenewa amadwala khansayi kuposa ena.

Njira yodalirika ndi kugawa anthu mwamaere, ena vitamini ena pilitsi lopanda kanthu, n'kudikira. Kafukufuku wotchedwa Women's Health Initiative anatero ndi amayi 36,282, theka la iwo anawapatsa 400 IU (IU ndi muyeso wa mlingo wa vitamini) ndi kashiamu kwa zaka pafupifupi 7, zotsatira za 2006 zinati khansa ya m'matumbo sinachepe, anthu anati aaa mlingo unali wochepa. John Baron ndi anzake anayesa 1,000 IU pa anthu 2,259 omwe anali atachotsedwa kale ma polyp, mu 2015 anapeza kuti ma polyp anabwereranso chimodzimodzi. Kafukufuku wina wotchedwa VITAL anayesa 2,000 IU tsiku lililonse pa anthu 25,871 kwa zaka zopitirira pang'ono 5, khansa sinachepe, ngakhale panali kachizindikiro koti mwina imfa za khansa zinatsikako akachotsa pa chiwerengero zaka zoyambirira za kafukufukuyo, zomwe anthu akukanganabe mpaka pano.

Zokhudza odwala ngati achimwene anu, pali mayeso atatu omwe amatchulidwa kwambiri. Kimmie Ng wa ku chipatala cha khansa cha Dana-Farber ku Boston anatsogolera kafukufuku wotchedwa SUNSHINE, odwala 139 omwe khansa inali itafalikira kale, onse pa kemo, ena anawonjezeredwa 4,000 IU ena 400 IU, ndipo mu 2019 anati a mlingo waukulu anakhala miyezi 13 khansa isanapitirire pomwe enawo inali miyezi 11. Anthu anasangalala, ndipo nkhani zambiri zomwe zikuyendabe pa intaneti zikuchokera pamenepo. Koma anali kafukufuku wamng'ono, nde anapanga wamkulu wotsimikizira wotchedwa SOLARIS ndi odwala oposa 400, zotsatira zake zinatuluka mu 2024 ndipo kusiyana komveka sikunaoneke. Ku Japan AMATERASU inayesa 2,000 IU pa odwala 417 omwe anachitidwa opaleshoni ya khansa za njira ya chakudya, pafupifupi theka la iwo za m'matumbo, nayonso pa zotsatira zake zazikulu sinapeze kusiyana komveka.

Maganizo anga ndi oti nkhaniyi sinatheretu koma yachepa kwambiri kusiyana ndi momwe tinkayembekezera. Ambiri omwe analowa mu mayeso ngati VITAL anali kale ndi vitamini wokwanira, ndipo kumuwonjezera munthu chinthu chomwe sakuchisowa sikungaonetse zambiri. Zaka 5 ndi zochepanso pa khansa yomwe imatenga zaka 10 kapena kuposa kuti ipangike. Anthu amasiyananso pa jini ya VDR yeniyeniyo, gulu la Baron litabwereranso ku zotsatira zake mu 2017 linapeza kuti kutengera mtundu wa VDR womwe munthu anabadwa nawo, ena ma polyp oopsa anachepa pomwe ena anachuluka atamwa vitamini yemweyo, zomwe zikufunika kutsimikiziridwa koma zikukuuzani kuti si aliyense amapindula. Ngati phindu lilipo ndikuliona kwa munthu wosowadi vitaminiyu, komanso koyambirira VDR isanatsekedwe, osati ngati mankhwala ochizira.

Nde za achimwene. Auzeni adokotala awo kuti mukufuna ayezedwe calcidiol, pa pepala la labu amalemba 25-OH vitamin D. Odwala khansa ya m'matumbo ambiri amapezeka ndi wotsika, makamaka pa kemo pomwe munthu satuluka panja komanso chakudya sichikoma, ndipo a khungu lakuda timafunika dzuwa lochulukirapo kuti tipange mlingo womwewo chifukwa melanin, yemwe amadetsa khungu, amatchinga dzuwalo. Akapezeka pansi pa 50 nmol/L, komwe ndi 20 ng/mL pa muyeso winawo, kuwapatsa n'koyenera ndithu, chifukwa cha mafupa ndi minofu ngakhale tisanakambe za khansa, ndipo mlingo anene adokotala. Kwa munthu wamkulu wabwinobwino bungwe la Institute of Medicine mu 2011 linaika 600 IU pa tsiku, 800 IU kwa opitirira zaka 70, ndipo malire osapitirira popanda dokotala ndi 4,000 IU. Mapilitsi a 50,000 IU aja amaperekedwa mwa apo ndi apo, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa nthawi yoikika, kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumakweza kashiamu ndipo munthu amayamba nseru, kusanza, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, kusokonezeka mutu mpaka impso kuwonongeka, ndipo choopsa n'chakuti zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za kemo nde palibe angaganizire pilitsi lija ngati simunanene. Chilichonse chomwe akumwa, cha mu botolo kapena cha zitsamba, adokotala a khansa achidziwe. Ndipo chonde kemo asadumphe ngakhale ulendo umodzi chifukwa cha vitamini, kemo ya pambuyo pa opaleshoni ili ndi umboni weniweni woti imachepetsa kubwerera kwa khansa, makamaka pa siteji 3.

Inuyo achemwali nkhani yanu yaikulu si vitamini. Achimwene anu apezeka ndi khansayi asanafike zaka 50, ndipo inu ndi m'bale wawo wa bere limodzi, chiopsezo chanu ndi chokwera pafupifupi kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi munthu wopanda mbiri imeneyi. Malangizo omwe madokotala ambiri amatsatira ndi oti m'bale wotero ayambe kuunikidwa m'matumbo ndi kamera, kolonosikope, ali ndi zaka 40 kapena zaka 10 asanafike msinkhu womwe m'bale wakeyo anapezeka nayo, chomwe chayamba kufika, ndiye kwa inu ndi zaka 38, ndipo azibwereza zaka 5 zilizonse. Polyp akapezeka amachotsedwa pompo pounikapo. Funsaninso ngati chotupa chomwe anachotsa kwa achimwene chinayezedwa za MMR kapena MSI, mayeso oona ngati majini okonza DNA akugwira ntchito, chifukwa kwa wodwala wa msinkhu umenewu timafuna kudziwa ngati si Lynch syndrome, vuto la majini okonza DNA lomwe limayenda m'banja ndipo kwa amayi limakwezanso chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero. Zikapezeka kuti ndi Lynch ndondomeko yonse imasintha, kuunika kumayamba pa zaka za m'ma 20 pa mitundu ina ndipo kumachitika chaka chilichonse kapena zaka 2 zilizonse, nde abale ena onse ndi ana a achimwene afunikanso kuuzidwa. Mukaona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kapitidwe kanu ku chimbudzi kopitirira masabata angapo, kuonda kosadziwika chifukwa chake kapena kuuzidwa kuti magazi ndi ochepa, musadikire zaka 38 zo, pitani mukaonedwe nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti achimwene anu anapezeka nayo ali ndi zaka 48.